Gadiyani wa Luwiza

Lolemba, 9 Juni

Akulemba ndi abambo a Zuze, amuna anga. Mawu ndi anga. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, koma mutu ulipo. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera. Asakometse, asachotse.

Tiyambe ndi ana, kuti dokotala wa ku Zomba akatsegula kope ili adziwe kuti wodwala wake akuchokera m'nyumba yotani.

1. Zuze. Amayendetsa thirakitala ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Sanaigwetserepo mu ngalande ngakhale kamodzi.
2. Fatima. Amagulitsa nsomba pa Bangula. Nyumba ya malata, yomanga yekha. Mwamuna wake anangopaka laimu.
3. Antonyo. Mphunzitsi ku Marka. Amayankhula zinenero zinayi, ndipo amakalipa bwino m'zonsezo.
4. Rozina. Ali ku Chiromo, amasoka. Anabereka mapasa, onse akuyenda.
5. Jowana. Anakhala nafe zaka zitatu. Lembani basi.
6. Luwiza, mzime wanga. Ali ku yunivesite ku Zomba, chaka chachiwiri. Akuphunzira za miyala. Inde, miyala! Poyamba ndinkati akundinamiza, koma Antonyo akuti ndi maphunziro aakulu. Pa Tengani pano palibe mtsikana wina amene anafikako.

Tsono nkhani yake. Ndili pabwalo kupuntha mapira, kafoni kalira. Mawu a mtsikana, Chichewa chake chokwera mapiri. "Amama, ndine Tiwonge, timagona chipinda chimodzi ndi Luwiza. Wadwala malungo, ndamuperekeza ku kiliniki ya pasukulu pano. Musadandaule." Ndisanafunse kanthu, kafoni kazima. Moto watha.

Musadandaule! Mawu amenewo ndimawadziwa. Inenso ndawanenapo pa foni ndili pakhonde la wodi.

Zinthu ziwiri zandiimitsa mutu.

Choyamba, buku lake la kuchipatala lili kuno, m'chitini changa cha mabisiketi, pamodzi ndi a abale ake. Munthu apita bwanji kuchipatala wopanda buku? Dokotala ayambira pati?

Chachiwiri, mwana alibe gadiyani. Ndani amuphikira phala? Ndani achapa? Ndani agona pansi pa bedi kuti amve akabuula? Ndani athamangira namwino madzi a m'botolo akatha?

Ine ndakhalapo gadiyani kuchipatala cha ku boma kwa ana anga, kwa apongozi, kwa mlamu wanga, ndi kwa mayi wina wa ku Mozambiki amene sindinkamudziwa n'komwe. Ntchito imeneyi ndimaidziwa ngati njira ya kudimba. Dokotala amafunsa kuti zayamba liti, wasanza kangati, wadya chiyani. Gadiyani wongoyang'ana pansi amachititsa manyazi mtundu. N'chifukwa chake kope ili.

Ndikupita Lachitatu m'mawa. Abambo a Zuze akuti tidikire kaye timve bwino. Ine ndayamba kumanga katundu.

Zonyamula:
- buku la Luwiza
- mphasa yanga yogonera pansi pa bedi
- mapoto awiri, mthiko, makapu
- ufa wa mapira wa phala, nsinjiro
- nsomba, makakana ouma
- nkhuku imodzi yamoyo, ya msuzi
- beseni, sopo, zitenje zitatu
- nkhuni, mtolo umodzi
- mafuwa atatu

Abambo a Zuze aima kulemba, akundiyang'ana. Lembani! Inu simunalowepo m'khitchini ya magadiyani. Kumeneko mafuwa ndi amene amayambanitsa anthu. Ukangopita kukatunga madzi, pobwera wina wakhazikapo kale poto wake ndipo akukuyang'ana ngati mlendo ndiwe. Ine ndili ndi anga a paulendo. Amakhala kuseri kwa nkhokwe, akuda bii, oyenda zipatala.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndatsegula chitini. Mabuku onse alimo, lililonse m'pepala lake la shuga. La Luwiza chikuto chinapita ndi madzi chaka cha chigumula, dzina linafufutika, koma ndimalidziwa ndi ulusi wofiira umene ndinalisokera.

Chondidabwitsa: ladzaza! Luwiza si mwana wodwaladwala. Nanga masamba onsewa analemba ndani?

Ndapatsa abambo a Zuze kuti andiwerengere. Akuti zolemba za madokotala siziwerengeka. Akuti maso. Akuti dzuwa. Kenako akuti akukaona mbuzi.

Ndalitenga mpaka pansi pa mtengo wa masau pamene alangizi a zaumoyo akuchititsa sikelo ya ana. Amayi ali mzere, ana m'manja. Alangizi atsegula, awerenga, avula magalasi, avalanso.

"Mayi, mwana wanuyu ali ndi zaka zingati?"

Ndati makumi awiri ndi chimodzi.

"Chifukwa apa alemba nyamakazi ya m'mawondo. Apa kuthamanga kwa magazi. Apa anamuzula mano awiri. Ndipo apa dokotala akuti achepetse mchere ndi kachasu."

Mzere wonse wa sikelo wamva. Wonse! Mayi wina mpaka wakhala pansi ndi mwana wake.

Ndabwerera kunyumba osayang'ana kumbali. Ndawapeza abambo a Zuze ku khola akuwerenga mbuzi zimene aziwerenga kale. Avomera. Buku lawo linadyedwa ndi chiswe zaka ziwiri zapitazo. Anaona lina lopanda chikuto, masamba oyera ambiri. "Ndimati mwana ali kusukulu, buku likungokhala." Likungokhala!

Abambo a Zuze akulemba pang'onopang'ono lero. Akuti bolopeni ikuvuta. Siikuvuta. Lembani: kachasu. Lembani mokuza kuti ndione. Ndiwerenga zilembo, zisanu ndi ziwiri zikwane.

Ndiye taganizani. Ndifike ku Zomba, ndipereke buku ili kwa dokotala wa ophunzira. Amupatse mwana wanga mankhwala a nkhalamba. Akauze aphunzitsi kuti mtsikana wa miyala uja ndi chidakwa chopanda mano!

Ndafuna kung'amba masambawo. Sizitheka. Kuseri kwa nyamakazi kuli chikuku chenicheni cha Luwiza. Bambo ndi mwana alowana ngati mapira ndi mchewere m'lichero limodzi.

Kafoni katchajidwa ku golosale. Ndaimba nambala ija katatu. Ikungolira. Fatima waimba kuchokera pa Bangula. Akuti Tiwonge uja wamulembera kuti Luwiza wayamba kumwa mankhwala. "Amayi, khalani pansi." Ndakhala pansi. Ndikusinja mtedza.

Lachitatu, 11 Juni

Sindinanyamuke. Buku lija silipita, ndiye pafunika lina. Ndaganiza bwino: buku ndine. Zonse zili m'mutu muno. Abambo a Zuze, tsegulani tsamba latsopano.

Matenda a Luwiza kuyambira kubadwa:
- Anabadwa nthawi yokolola thonje, wolemera bwino, akulira ngati wabedwa.
- Katemera yense analandira. Chipsera chili padzanja lamanja, dokotala aone yekha.
- Chikuku, ali ndi zaka ziwiri.
- Munga wa mlamba pakhosi, ali ndi zaka zisanu. Unatsika ndi mbatata.
- Chinkhanira chinamuluma kuphazi. Iye sanalire. Ndinalira ndine.
- Likodzo, sitandade 4, chifukwa chosambira m'dambo limene ndinamuletsa.
- Malungo, kanayi. Aka n'kachisanu.
- Nyamakazi ayi. Kachasu ayi. Mano onse alipo.

Ndipo ichi mulembe pachokha, muchizunguze mzere. Luwiza akadwala malungo safuna kufunsidwa mafunso. Amafuna phala lamadzimadzi, ndi munthu womusisita pamsana, pakati pa mapewa. Ndipo amanama! Amati wameza mankhwala pamene wawabisa pansi pa lilime. Ukatembenuka, walavula. Munthu ayenera kumuuza kuti "asama" n'kuyang'ana. Kompyuta idziwa zimenezo?

Ndikunena za kompyuta chifukwa Luwiza waimba yekha masana ano. Mawu aang'ono ngati a kamwana.

"Amayi, musabwere. Kuno sitiyendera buku. Umangoonetsa chitupa cha sukulu, zonse amalemba mu kompyuta."

Zonse ziti? Anafunsa ndani? Ine palibe anandifunsa!

Ndati wadya chiyani. Akuti Tiwonge wamugulira phala. Wamugulira! Phala logula! Lophikidwa ndi munthu amene sadziwa ngakhale dzina la wodwalayo. Ndati mutu bwanji, akuti "Amayi, ndatopa," foni n'kudula.

Mwana akati musabwere ndi mawu otere, mayi amamanga katundu.

Zina za lero:

Anthu akuti ku Zomba mwezi uno kumazizira mpaka mano amaimba. Ine juzi ndilibe, ya chiyani kuno? Zuze wanditumizira jekete lake la kuntchito, lalikulu, lokhala ndi mizere yonyezimira. Ndaliyesa. Mbuzi zathawa.

Amayi a kutchalitchi abwera kudzandipempherera. Nyimbo zitatu, pemphero lalitali, mpaka kutchula dalaivala ndi matayala. Potuluka aliyense wakumbuka kuti ali ndi m'bale ku Limbe. Ndiye pakhonde pano pawonjezeka thumba la malambe, kachigubu ka uchi, dengu la masau, ndi mpando wa mwana. Mpando! Ndingakane bwanji anthu amene angondipempherera kumene?

Mawa m'mawa, Mulungu akalola.

Lachinayi, 12 Juni

Tafika pamsewu dzuwa likungotuluka. Katundu wabwera pa ngolo ya aneba. Ine m'jekete, nkhuku m'khwapa.

Minibasi yoyamba yaima. Kondakitala wanyamula mapoto, wanyamula beseni, wagwira thumba la mafuwa. Thumba silinasunthe.

"Agogo, mwaikamo chiyani umu, njanji?"

Ndati miyala.

"Mukupita nayo kuti?"

Ndati ku Zomba.

"Agogo, ku Zomba kuli phiri lathunthu!"

Ndati ndikudziwa, mwana wanga ndi amene akuliphunzira. Minibasi yonse yaseka, ngakhale amene anali kugona. Kondakitala akuti mwala uliwonse ukhala pa mpando wake ngati munthu. Akutinso nkhunizo a zankhalango akazitsitsa pa rodibuloko. Nkhuni zanga zotola ndekha! Watsitsa mapoto, watsitsa beseni, apita.

Yachiwiri: akuti ineyo inde, mpando wa mwana ayi, malambe ayi.

Yachitatu: yodzaza, munthu wina miyendo ili panja.

Yachinayi ndi imene inali yabwino, basi yaikulu ya malo ambiri. Koma itatulukira, nkhuku inali itamasula chingwe n'kulowa m'munda wa thonje wa eni ake. Abambo a Zuze pambuyo, ndi mawondo aja olembedwa m'buku la Luwiza. Ine ndikukuwa kuti basi, iwo akukuwa kuti nkhuku. Dalaivala waona mayi wonyezimira akugwedeza manja onse awiri, waganiza kuti ndine wapolisi wa pamsewu, wachepetsa liwiro, wandipatsa moni mwaulemu, wadutsa.

Pofika masana jekete lasanduka uvuni. Ngolo yabweranso kudzatitenga. Mwini ngolo sanafunse kanthu, Mulungu amudalitse.

Foni lero zii. Ndaimba kasanu. Ya Luwiza yozima. Ya Tiwonge ikungolira. Fatima naye sanamve kanthu.

Ndabwezera buku la ulusi wofiira m'chitini. Pansi penipeni pali la Jowana. Loyera, lopyapyala, masamba awiri okha ndi amene analembedwa. Nayenso anali malungo. Inali nthawi ya mvula, mtsinje unadzaza, tinati tidikire madzi aphwe. Anayamba kutentha Lolemba. Tinafika kuchipatala Lachinayi.

Lero ndi Lachinayi.

Anthu akuseka mafuwa anga. Aseke. Ine sindidzachedwanso.

Abambo a Zuze aika bolopeni pansi. Tsopano aitenganso, akuti ndiwalole alembe mawu awoawo, mzere umodzi. Ndalola. Andiwerengera: mawa andiperekeza okha mpaka pa Bangula, kwa Fatima, kumene basi yaikulu imaima nthawi yaitali, ndipo miyala ikavuta aisenza iwo pamutu.

Lachisanu, 13 Juni

Tili pa Bangula, pakhonde la Fatima. Fungo la nsomba mpaka m'kope muno.

Zotsala kunyumba: nkhuni, malambe, uchi, mpando wa mwana, poto mmodzi, mafuwa awiri. Fuwa linalo ndalibisa m'beseni pansi pa zitenje. Abambo a Zuze alinyamula njira yonse osadandaula. Akuti fuwa limodzi siliphika kanthu. Ndikudziwa. Koma ukaliika pansi, malowo ndi ako.

Fatima watilandira manja ali m'chiuno. "Amayi, musanakwere chilichonse, muone kaye." Watulutsa foni yake yaikulu ija, wakanda, wakanda. Mwadzidzidzi Luwiza uyo! Wakhala pa bedi, chipewa cha ubweya kumutu, kapu m'manja.

Ndati bwanji dzulo foni zii? Akuti iye anagona tsiku lonse, thukuta linatuluka, thupi lazizira. Tiwonge anali m'kalasi kulemba za onse awiri, foni ili m'chikwama. Basi. Ine kuno kufa kasanu, iwo foni ili m'chikwama!

Waonda. Fatima akuti sanaonde, ndi foni. Waonda.

Ndati andionetse malo. Wazunguza foni. Kachipinda ngati nkhokwe. Bedi pamwamba pa bedi linzake! Pansi pake, pamene ndimati ndiyale mphasa, pali masutukesi, nsapato, ndi katoni ya miyala. Moto saloleza. Khitchini ya magadiyani kulibe. Mlendo dzuwa likalowa azipita. Ku kiliniki anangogonako tsiku limodzi kulandira madzi a m'botolo, m'mawa n'kumutulutsa.

Ndati ndipatseni Tiwongeyo.

Watulukira. Kamtsikana kowonda, magalasi, kagwada pansi pomwepo pa simenti kupereka moni ku foni. Ndati chabwino, ulemu ulipo. Tione ntchito.

Ndafunsa monga amafunsira dokotala.

Zinayamba liti? "Lamulungu madzulo, amama. Ankati ndi mutu chabe, akana kupita. Lolemba m'mawa ndinamukoka."

Anayenda yekha? "Theka la njira. Kwinako ndinamubereka."

Kamtsikana kameneka! Luwiza wanga ndi wa mafupa a kuno.

Anamuyeza magazi? Inde, pachala. Wasanza kangati? Katatu Lolemba, kamodzi Lachiwiri. Anachapa ndani? Iyeyo. Madzi osamba? Otentha, a mu ketulo ya magetsi. Mankhwala nthawi yanji? Foni yake imalira yokha m'mawa ndi madzulo, ndipo amamupatsa atadya, ndi mkaka pang'ono, monga ananenera adokotala. Anamaliza onse? Onse, kapepala kopanda kanthu ako, wandionetsa.

Ndati phala logula lija. Akuti linali la tsiku limodzi. Luwiza analikana, ndiye anakapempha mayi wina wophika kunja kwa mpanda kuti amubwereke moto, n'kuphika yekha lamadzimadzi, lansinjiro.

Apa ndasunga funso langa lomaliza, limene palibe gadiyani wachilendo angalidziwe. Ndati: ukudziwa bwanji kuti amameza?

Kaseka. "Ndimamuuza asame, amama. Ndimayang'ana pansi pa lilime."

Ndati wakuuza ndani?

"Iye yemwe. Tsiku loyamba thupi litatentha ankangoyankhula za inu. Amayi anga amayang'ana pansi pa lilime. Amayi anga amasisita apa, osati apo. Amayi anga phala lotere sangapatse munthu. Ine ndimangotsatira. Ndatopa nanu, amama, ngakhale sitinaonane!"

Fatima waseka mpaka kugwira chipupa. Abambo a Zuze akupukuta magalasi amene alibe fumbi.

Ndafunafuna cholakwa. Ndafunsa za neti: ilipo, yokungidwa bwino. Ndafunsa za bulangete: awiri, lina ndi la Tiwonge. Sindinapeze kanthu. Ndati takhuta, mwanawe, takhuta kwambiri. Ndi mmene timanenera zikomo kuno kwathu.

Ndiye pofuna kupukuta m'maso ndakoka chitenje m'beseni, fuwa n'kuonekera.

"Amayi, dikirani! Chimenecho n'chiyani?"

Ndati si kanthu.

"Sendezani foni. Fatima, tembenuza. Amayi, mwala umenewu munautola kuti?"

Ndati kuphiri la kwa agogo ako, usanabadwe.

Mwana amene Lachitatu analibe mphamvu yonena kuti mutu ukuwawa wadzuka pa bedi! Akuti ndiutumize. Akuti aphunzitsi ake akauone. Akuti ndikumbukire malo enieni.

Za ine kubwera sananene.

Loweruka, 14 Juni

Basi yaikulu yanyamuka m'mawa. Fatima amadziwana ndi dalaivala, akapereka katoni kwa mnzake wa ku Zomba.

Zimene zakwera:
- ufa wa mapira ndi nsinjiro
- makakana
- masau
- tsamba la matenda a Luwiza, kuti Tiwonge asunge
- jekete la Zuze, azivala mosinthana
- fuwa

Zimene zatsala:
- ine

Fuwa lakhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Ndaliona ndi maso anga likudutsa pa mlatho. Mwala ukupita ku yunivesite! Ine amene ndinausenza kuchokera kuphiri, n'kuyenda nawo zipatala zonse, ndaima pa siteji ndi beseni lopanda kanthu.

Nkhuku yadyedwa kwa Fatima. Adzukulu akuti msuzi wa odwala ndi wokoma, agogo azibwera kawirikawiri.

Tisanakwere ya kwathu ndagula mabuku awiri atsopano a kuchipatala. Limodzi ndi la abambo a Zuze. Ndaimirira pomwepo mpaka alembe dzina lawo pachikuto, patsamba loyamba, ndi kumbuyo. Linalo musafunse.

Tatsika pa Tengani masana, nthawi imene aliyense ali pakhonde. Amayi a kutchalitchi atiwona.

"Mwabwera kale? Ku Zomba kuli bwanji?"

Ndati kukuzizira.

"Nanga wodwala?"

Ndati ndamuona ndi maso anga, wakhala tsonga, akudya. Bodza palibe pamenepo. Abambo a Zuze atsokomola. Ndawaponda phazi.

Koma malambe, uchi ndi mpando zili pakhonde langa, aliyense akuziona. Ndazibweza khomo ndi khomo. Mwini mpando wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye pemphero lija linathera pa Bangula?" Ndati linafika, linangosiya ine.

Madzulo ano mawondo a abambo a Zuze atupa ngati maungu. Nkhuku ija, ndi beseni lija. Ndawathowa ndi madzi otentha. Ndawauza kuti Lolemba tikupita kuchipatala, ndi buku lawolawo. Akuti apita okha, safuna gadiyani. "Nkhabe!" Akakwiya amalowa m'Chisena. Akane m'zinenero zonse za Antonyo, ine ndikupita nawo. Ndipo ndikamufunsa ndekha dokotala za mchere ndi chinacho.

Lamulungu, 15 Juni

Tabwerako ku tchalitchi. Mphasa ndabwezera pamalo pake. Mafuwa awiri ali kuseri kwa nkhokwe, akuoneka ngati amasiye.

Luwiza waimba. Katoni yafika. Mawu abwerera, akulu, ofulumira, a mwana wanga. Mawa alowa m'kalasi. Akuti masau atha kale, anzake a m'chipinda choyandikana anamva fungo. Akuti jekete lavalidwa ndi Tiwonge ndipo alonda a pageti akumupatsa sawatcha. Akuti tsamba la matenda aliwerenga mokweza, aseka mpaka Luwiza kutsokomola, kenako Tiwonge walimata pakhoma pamwamba pa bedi.

Za fuwa wayankhula nthawi yaitali kuposa za thupi lake.

Ndiye basi. Mwana anadwala kutali, anapita kuchipatala kutangocha, wopanda buku, wopanda ine, ndipo wachira. Ndi zimene ndinapempha Mulungu. Kungoti sindinamuuze kuti achite popanda ine, koma sindinamuuzenso kuti adikire. Anachita bwino osadikira.

Buku la ulusi wofiira likhala m'chitini. Si la Luwiza, si la bambo ake. Ndi langa.

Abambo a Zuze, bwererani patsamba la Lolemba, pamene pali mayina a ana. Pansi pa Luwiza pali malo? Lembani.

7. Tiwonge. Kwawo ndi ku Rumphi, akuti n'kutali kuposa ku Beira. Ali ku yunivesite, akuphunzira za masamu. Anabereka mwana wanga kumsana theka la njira. Sanadikire. Gadiyani.

Akufunsa ngati makolo ake avomera. Sitikuwalanda. Tikungowonjezera.

Buku lachiwiri lija tulutsani tsopano. Lembani dzina lake pachikuto, mokuza. Ine sindikumufunira matenda mwana wa eni, Mulungu akundimva. Koma ndi wa kumapiri, magazi ake udzudzu wa m'chigwa sunawalawepo, ndipo kuno kompyuta kulibe. Akangoti mutu, phala ndiphika ine, pamsana ndisisita ine, pansi pa lilime ndiyang'ana ine. Neti ndimupatsa yatsopano. Koma buku likhale lokonzeka.

Uthenga upite kwa Zuze, Fatima, Antonyo ndi Rozina, ndi ana awo onse. Mbuzi ya mawanga ija isagulitsidwe. Luwiza abwere ndi m'bale wake watsopanoyu, ndipo fuwa langa libwerere, aphunzitsi akhale atamaliza kuliona.

Tonse tikumana pano pa Tengani, Loweruka pa 2 Ogasiti. Wochedwa apeza mafupa.